Chidindo cha Buledi wa a Arcangela

Kwathu ku Roccamarra buledi sankalowa mu uvuni alibe dzina. Uvuniwo unali umodzi mudzi wonse, ndiye mayi aliyense akakanda ufa kunyumba n'kuumba mabuledi a sabata yathunthu, ankatenga chidindo chamtengo n'kudinda pamwamba zilembo ziwiri za mwini khomo. Pakanapanda zimenezo bwenzi tikukokana tsitsi Lachisanu lililonse. Chidindocho ankasema ndi mwamuna pofunsira mbeta, ndicho chinali chikole chake. Mtsikana akachisunga ndiye kuti walola, akachibweza ndiye kuti mnyamatayo akayese khomo lina.

A Arcangela anandigwirira mwana wanga woyamba pa ubatizo, ndiye chichokereni tsiku limenelo tinkangoitanana kuti komare. Chidindo chawo chinali chokongola kuposa cha wina aliyense mumsewu wathu: pamwamba tambala wotukula khosi, pansi L ndi S. Anasema ndi a Laviero Scandiffio ali kubusa kwa nkhosa. Anakwatirana mu 1922, ndipo patangotha chaka ndi miyezi iwiri mwamunayo anakwera sitima yapamadzi ku Napoli, ulendo wa ku Amereka. Ati zaka zitatu zokha. Makalata anabwera zaka zisanu ndi chimodzi, kenako mu 1929 kunangoti zii.

Mwana analibe. Chimene a Laviero anawasiyira ndi apongozi, a Vincenza, nkhalamba yolongolola imene inapuwala miyendo n'kugona pabedi zaka naini. Ndani ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwanyowetsera buledi mumsuzi poti mano anali atatha? Komare wanga. Ndipo nkhalambayo mpaka tsiku lomwalira mu 1941 inkafunsabe kuti, "Wa positi wadutsa?"

Anali mayi wamfupi a Arcangela, wamikono yolimba, pakamwa pawo pakuthwa koma opanda njiru. Zakuda sankavala poti maliro a mwamuna sanawaone, zowala sankavalanso, ankangokhala mu diresi lotuwa chaka ndi chaka. Ukawafunsa ankaseka okha. "Iwe Porzia, ine si namfedwa, si mbeta, si wapabanja. Ndine katundu woiwalika pa siteshoni." Kuwerenga sankadziwa, koma L ndi S ankazizindikira ngakhale pachikwangwani cha mankhwala. Nsalu za paguwa la tchalitchi ankachapa ndi iwowo, ndipo Lamulungu lililonse ankakhala oyamba kugwada kukalandira ukalisitiya. Zimenezi muzisunge, chifukwa ndi pomwe panali mtima wawo.

Mwini uvuni anali a Egidio Tralli, chimunthu chachikulu chansidze zowauka ndi moto. M'mawa ankazungulira misewu akuliza kalipenga kake, mathabwa a buledi ali paphewa, kansalu kofiira kali m'khosi. Anali wachikomyunizimu, ndipo sankabisa. Ukangoti moni, iwo ayamba za minda ya mabwana imene iyenera kugawidwa kwa olima. Akazi awo anamwalira nkhondo isanayambe, ndipo kuyambira pamenepo ife amayi tinayamba kuona chinthu. Buledi wa a Arcangela sankapserera, sankatulukanso wosapsa m'kati. Nthawi zonse ankakhala pakati penipeni pa uvuni, pamalo abwino, pomwe wathu ankamuponya cha kukhomo.

Tsiku lina ndinawafunsa. "A Egidio, paja inu mumati anthu tonse ndife ofanana. Nanga wangayu wadera bwanji kunsiku?"

"Vuto ndi mkandidwe wanu, mayi," iwo anatero, osandiyang'ana n'komwe.

"Mkandidwe! Zaka khumi zonsezi odziwa kukanda ndi a Arcangela okha?"

Komare anangokweza thabwa lawo pamutu n'kumapita, makutu ali psuu.

Nkhondo itatha kunabwera bambo wina wa mudzi woyandikana nafe, wochokera ku Amereka, amene analumbira pamaso pa wansembe kuti a Laviero anafera mu mgodi wa malasha. Mtembo sanauone, koma anamva kwa anthu awiri. Wansembe wathu, Bambo Prospero, analembera abishopu, abishopu anafunsa mafunso awo, mapepala anapita n'kubwera zaka ziwiri. Mu Febuluwale 1948 chikalata chinafika: a Arcangela ndi namfedwa, atha kukwatiwa.

Tsiku lomwelo a Egidio anagogoda pakhomo pawo atanyamula chikole. Abale inu, chidindo chake chimenecho! Ati pamwambapo ndi nkhunda, koma aliyense amene anachiona anati ndi mbatata yamera mlomo. Manja ozolowera fosholo ya uvuni sadziwa kampeni. Zilembo zokha, E ndi T, zinatuluka bwino. Komare anachilandira, anachikulunga m'kansalu n'kuchiika m'bokosi.

"Ndidzayamba kudindira m'mawa mwake mwa ukwati," anawauza. "Ine ndikufuna ukwati wa m'tchalitchi, wa belu, wa mphete. Ndadikira zaka makumi awiri ndi zisanu, miyezi iwiri singandiphe."

Ukwati anauika Lachinayi lomaliza la Epulo. Bambo Prospero sanavute zoti mkwati ndi wofiira, ndiye kuti wachikomyunizimu. "Ndi wobatizidwa uyu," anatero. "Chofiira ndi pakamwa pokha. Ndimasewera naye makadi, ndimamudziwa, amabera ngati Mkhristu wina aliyense."

Chaka chimenecho dziko linali litatentha ndi chisankho. Makoma onse anali mapepala okhaokha, kwina chishango cha mtanda cha chipani chogwirizana ndi tchalitchi, kwina nkhope ya ofiira. Aamereka anali atatsimikiza kuti Italiya asagwe m'manja mwa achikomyunizimu, ndiye sitima zawo zinkakocheza ndi tirigu ndi ufa, ndipo Bambo Prospero ankatikumbutsa paguwa kuti tisaiwale amene akutidyetsa. Ufawo unali woyera mbee, wosalala. A Egidio ankautukwana tsiku ndi tsiku.

"Nyambo iyi! Akufuna kutigula ndi ufa!"

"Ndiye musauphike," ife tinkatero.

Iwo ankatulutsa buledi, kumugogoda kunsi ndi chala, kumvetsera, kenako n'kuusa moyo. "Koma kufufuma kokha akufufuma, satana ameneyu."

Matumba a ufawo sitinkataya, nsalu inali yosowa. A Arcangela anachapa awiri, anawawiritsa ndi phulusa katatu, n'kusokera mkwati wawo malaya. Zilembo zachizungu cha ku Amereka zinakana kuchoka. Ndiye tangoganizani, mkulu wa ofiira m'mudzi mwathu akupita kumsonkhano wa chipani, kumsana kwake kuli dzina la dziko limene akukalitukwana. Anzawo anawaseka mpaka misozi, koma iwo sanavule. Ati anasoka ndi Arcangela, amene zikumuwawa akadzisokere ake.

Pambuyo pa ufa kunabwera makalata. Ku Amereka kuja anthu akwathu ankawauza m'matchalitchi ndi m'mabungwe mwawo kuti alembere abale kuno, awachenjeze za chisankho. Kwa aulesi ndi osadziwa kulemba kunali kalata yosindikiza kale: iwe kwako n'kungolembapo dzina la m'bale wako pamwamba, kusaina pansi, basi. M'mudzi mwathu mabanja khumi ndi awiri analandira kalata yomweyomweyo. Ine ndinafika kalasi yachitatu, ndiye wowerengera anthu mumsewu wathu ndinali ine. Pofika yachisanu ndinkatha kuinena nditatsinzina.

Ukwati anaulengeza koyamba m'tchalitchi Lamulungu lotsatira Pasaka. Lachisanu lake ine ndinachedwa kukatenga buledi, amayi anzanga onse atapita kale, ndipo ku uvuni ndinapeza a Egidio ndi a Senatro a positi ataima duu, ngati pagwa maliro. Awiriwa anali paubwenzi kuyambira ali ana. A Senatro anandionetsa envulopu ya mizere yofiira ndi yabuluu. Inali yopita kwa a Vincenza Scandiffio, apongozi aja, amene anali m'manda zaka zisanu ndi ziwiri. Kumbuyo kwake, pansi pa dzina la bungwe lina la ku Pennsylvania, munthu anali atalemba ndi dzanja: Laviero Scandiffio. Chidindo cha positi chinali cha mwezi watha.

Ndinakhala pathumba la ufa.

"Lamulo la ntchito yanga ndi lomveka," a Senatro anayankhula motsitsa mawu. "Mwini kalata akamwalira, ndimalembapo kuti anamwalira, kalata imabwerera. Palibe amene angandiimbe mlandu. Egidio, ungonena kuti sunaione."

"Kubweza kwa chiyani?" ndinatero ine. "Moto si uwo? Iponyeni mmenemo! Munthu wasowa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, lero adzuke m'manda kudzasokoneza ukwati wa anthu? Iponyeni!"

Ndinatero ndithu, ndipo mpaka lero sindinalape.

A Egidio anaitenga kalatayo. Anaima nayo pakamwa pa uvuni, makala ali ngwee. Akanangotambasula zala, nkhani ikanathera pomwepo. Anaima nthawi yaitali, thukuta likutsika m'khosi mpaka kunyowetsa kansalu kofiira kaja. Kenako anabwerera m'mbuyo.

"Ayi," anatero. "Mayi uja adzagwada paguwa akukhulupirira kuti ndi namfedwa. Ine ndizidzadya naye mbale imodzi ndikudziwa kuti ndinamunamiza? Porzia, tengani. Mukamuwerengere."

"Ndinu chitsiru, a Egidio."

"Ndikudziwa, mayi. Pitani."

Komare ndinawapeza akupeta pilo wa ukwati pakhomo. Atangoona nkhope yanga anabaya singano pansalu n'kulowa m'nyumba, ine pambuyo. Ndinawapatsa envulopu. Anaitembenuza, ndipo chala chawo chinapita chokha pa L ndi S.

"Ali moyo," anatero.

"Ali moyo, komare."

"Werenga."

Ine mtima unandiwawa, ndiye ndinayamba kupeka. "Akuti, wokondedwa mkazi wanga Arcangela, ndikhululukire, ndinadwala nthawi yaitali, koma tsiku lililonse ndimakukumbuka…"

"Iwe Porzia." Anandigwira padzanja. "Ine kusukulu sindinapiteko, koma maso ndili nawo. Pepala ili ndi lofanana ndi lija unawerengera akazi a wosula zitsulo Lolemba. Dzina langa limayamba ndi kachilembo kooneka ngati denga, unandionetsa wekha. Lozera pamene pali dzina langa."

Ndinasowa cholozera.

"Ndiye werenga zimene zalembedwa. Usandinyengerere ngati mwana."

Ndinawerenga. Wokondedwa mayi. Pa 18 Epulo dziko la Italiya lidzasankha pakati pa ufulu ndi ukapolo. Ife ana anu a ku Amereka tikukupemphani kuti musavotere achikomyunizimu, adani a Mulungu ndi a banja. Mukatero thandizo la Amereka lidzatha, ndipo amene adzavotere ofiira sadzaloledwa kuponda dziko lino. Ndine wanu wokukondani. Mawu olembedwa ndi dzanja anali atatu okha: mayi, Laviero, Scandiffio.

A Arcangela anayang'ana pepalalo. Kenako anaseka, kuseka kosakoma kumva.

"Adani a banja! Wamva, Porzia? Laviero akundiphunzitsa za banja!" Anamenya patebulo. "Mayi akewo ndawapukuta ine zaka naini, ndawatseka maso ine, ndawagulira bokosi ine pogulitsa ndolo zanga. Sanafunse ngati akudya. Sanafunse ngati ali moyo. Lero wakumbuka kuti ali ndi chala chovotera! Ndipo ndani wamuuza kuti ine ndikufuna kukaponda ku Amerekako?"

Atatha kukalipa anakhala pabedi lija la apongozi n'kulira, kulira kwenikweni, nkhope itakwiriridwa mu epuloni. Ine ndinalira nawo. Sindinaonepo munthu akulira mwamuna chifukwa choti wapezeka ali moyo, koma tsiku limenelo ndinaona.

Kwa wansembe anapita okha madzulo omwewo, kalata ili m'manja. Bambo Prospero anaiwerenga, anavula magalasi, n'kukhala nthawi akusisita pamphumi. Iwowo ndi amene Lamulungu lapitalo anayamikira paguwa makalata a ku Amerekawa, ati ndi madalitso. "Mwana wanga," anatero, "ndikanakonda ndikanakhala wakhungu lero. Koma ndaona. Mwamuna wako ali moyo, ndipo ali moyo chomwecho ine sindingakumangitse ukwati wina." Lamulungu lotsatira sanalengezenso kanthu, ndipo mudzi wonse unadziwa chifukwa chake.

Komare anandiitana kuti ndiwalembere yankho. Ine ndinali nditanola kale mawu oti akamuotche m'maso munthuyo, koma iwo anakana. "Lemba zimene ndikunena. Laviero, mayi ako anamwalira mu Novembala 1941, tinawaika pafupi ndi bambo ako. Ine ndilipo. Ngati ukadali ndi mawu ndi ine, nena. Arcangela." Anaikapo kamtanda m'malo mwa saini.

"Ndiye mukudikiranso?" ndinafunsa, mtima utandipsa.

"Munthu amene wakumbuka njira ya positi mwina alembanso. Ndimupatsa maphikidwe a buledi asanu ndi awiri, Lachisanu kasanu ndi kawiri. Asadzanene kuti sindinamufunse."

Chisankho chinafika. Tinavala bwino, tinakaima pamzere kusukulu, masisitere akubweretsa nkhalamba pamipando. Komare analowa, anachonga, anatuluka. Mpaka imfa yawo sanandiuze amene anamuvotera, ngakhale ndinawakakamiza kangati. Ofiira anagonja dziko lonse. Achipani cha mtanda anaimba ng'oma mumsewu, ndipo ena opanda chisoni ankadutsa dala pa uvuni.

"A Egidio, mwezi umodzi womwewu boma lakukanani, mkazinso wakukanani! Amereka ndi akatundu!"

Munthu uja wolongolola za minda anangoti pakamwa tseke. Kalipenga ankalizabe, mathabwa ankanyamulabe, ndipo Lachisanu lililonse ankalandira mabuledi atatu a komare okhala ndi L ndi S, n'kuwaika pakati penipeni pa uvuni monga kale. Ine zinkandinyansa kuona. Tsiku lina ndinawanong'oneza kuti awapsereze kamodzi kokha, mwina mtima ungatsike. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

A Senatro nawo ankavutika. Pofika pakhomo pa komare ankafulumiza miyendo, maso ali pansi, n'kungopukusa mutu. Lachisanu loyamba linadutsa, lachiwiri, lachitatu. Tsiku lija la ukwati linafika n'kupita, belu osalira. Mwezi wa Meyi wonse unatha, tirigu anayamba kucha m'minda. Kalata yathu sinabwerere, kutanthauza kuti inafika. Yankho silinabwere.

Lachisanu loyamba la Juni uvuni unadzaza, poti aliyense ankaphika wambiri wa okolola. Tinalipo amayi ngati makumi awiri, tikudikira buledi woyamba atuluke kuti wathu alowe. A Arcangela anafika mochedwa, thabwa lili pamutu, lovundikira ndi nsalu yoyera. Sanadikire kuti a Egidio adzawatengere kunyumba monga mwa masiku onse. M'dzanja anali ndi kanthu kokulunga m'kansalu, ndipo tonse tinadziwa kukula kwake. Phokoso lonse linatha.

A Egidio nkhope inagwa. Anaika fosholo pansi, anapukuta manja pa epuloni. "Mwabwera kudzandibwezera," anatero. "Palibe kanthu, Arcangela. Sindikukwiyirani. Chinali chonyansa kale."

"Chonyansa ndi chonyansadi," komare anayankha. "Koma tamasulani kaye musanayambe maliro."

Anamasula. Munali tambala uja, wakuda ndi manja a zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

"Ndamva kuti nkhuni zikukuvutani chaka chino," anatero a Arcangela. "Onjezerani iyi. Ndi youma bwino."

A Egidio anangoima, kukamwa yasa. Komare anawalanda chidindocho n'kuchiponya okha pamakala. Chinagwira moto nthawi yomweyo. Mayi wina anachita chizindikiro cha mtanda, wina anati mayo ine. Kenako a Arcangela anatsitsa thabwa lawo n'kuvundukula nsalu. Mabuledi anali asanu, osati atatu, ndipo lililonse linali ndi E ndi T, zozama bwino, zodinda ndi mphamvu.

Mwambo wa pa uvuni unali woti mwini uvuni atchule mokweza dzina la khomo asanalowetse buledi, kuti pasadzakhale mkangano. A Egidio anayang'ana zilembozo. Chimunthu chonse chija chinangoyamba kugwedezeka mapewa.

"Tatchulani, bambo, ufa ukupitirira kufufuma!" ndinakuwa ine, nanenso misozi ili chuchuchu.

"Arcangela," iwo anatero pomaliza, "mukudziwa zimene mukutaya? Ukalisitiya sadzakupatsaninso. Nsalu za paguwa adzakulandani. Belu lija simudzalimva."

"Ndawerengera zonse, maphikidwe asanu ndi awiri. Porzia anandiuza, ndipo Mulungu anaona amene anandipatsa kalata ija pomwe moto unali pafupi. Ndidzakambirana naye ndekha. Tsono lowetsani buledi wa pakhomo panu, ndipo lero mumuike kukhomo, pakati paja muike wa Porzia. Watilongololera mokwana."

Masana ake ananyamula bokosi lawo, makina osokera ndi pilo uja, n'kusamukira kunyumba ya kuseri kwa uvuni, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona.

Musaganize kuti zinali zopepuka. Amayi ena anasiya kuwapatsa moni, ena ankawatchula dzina loipa limene sindilibwereza pano. Nsalu za paguwa anapatsa munthu wina, amene ankazisita mokhotakhota. Lamulungu lililonse komare ankabwerabe ku Misa, koma ankaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo ife tikamapita kukalandira, iwo ankaweramitsa mutu. Zinkawapweteka, ndikudziwa, chifukwa ndinkaona mmene ankafinyira kolona m'manja. A Egidio, amene sankaponda m'tchalitchi chimwalirire akazi awo, anayamba kumabwera kudzaima nawo pachitsekopo, kansalu kofiira kali m'thumba. Ati sakupemphera, akungoperekeza. Bambo Prospero sanawadzudzulepo paguwa ngakhale kamodzi, ndipo makadi ankasewerabe ndi a Egidio Loweruka.

Anakhala limodzi zaka khumi ndi zisanu. Ankakangana za mchere, za ndale, za malaya a thumba aja amene a Egidio ankakana kutaya ngakhale atang'ambika m'zigongono. Chaka chilichonse komare ankandilembetsa kalata yopita ku bungwe lija la ku Pennsylvania, ya funso limodzi: kodi Laviero Scandiffio akadali moyo? Ankafunabe belu lawo. Palibe anayankha. A Egidio anamwalira mu 1963, uvuni unatsekedwa, anthu anayamba kugula buledi kusitolo. Sabata yotsatira komare anavala zakuda, koyamba m'moyo wawo, anakalapa, n'kugwadanso kutsogolo kulandira ukalisitiya. Atabwerako anandiuza kuti, "Ndalandira, Porzia. Koma ndikanakonda ndikanaimabe pachitseko paja."

Iwo anatisiya mu 1971. Asanamwalire anandipatsa chidindo cha a Egidio, mbatata yamlomo ija, kuti ndisunge, poti analibe mwana woti amusiyire.

Tsiku loika mwala pamanda ndinapita kukaona, chidindo chili m'thumba la diresi, poti kuyambira tsiku la maliro ndinkangoyenda nacho. Wosema miyala anali atatsatira mapepala a boma. Pamwalapo panalembedwa kuti Arcangela, mkazi wa Scandiffio. Ndinakalipa mpaka mawu anandithera. Ndinamuuza mmisiriyo kuti munthu ameneyo anadya naye buledi chaka chimodzi chokha, kuti mwamuna wake weniweni wagona mzere wachiwiri apo, kuti afufute. Iye anangokweza mapewa. Ati mayi, ine ndimalemba zimene zili m'kaundula.

Anamata mwala wake, anasalaza simenti kuzungulira, anatola zida n'kupita kukasamba m'manja pampopi. Simenti inali ikadali yofewa ngati ufa wokanda. Ndinagwada, ngakhale mawondo anga anali atatha kale, ndinatulutsa chidindo, n'kudinda pansi penipeni pa dzina lawo, ndi mphamvu zanga zonse, monga ankadindira iwo. Mukapita kumanda a ku Roccamarra, khoma la kum'mawa, mzere wachitatu, mukawerame pang'ono. E ndi T zikadalipo.